Mafulati akawonongeka ku Perth, amalipira zokonzetsa ndani?

Munthu akagula fulati m'nyumba yosanjikizana, amakhala wagulanso gawo la denga, makoma, mapaipi ndi maziko a nyumba yonseyo. Ming'alu ikayamba kuoneka kapena madzi akayamba kudontha patangopita zaka zochepa, funso limakhala lakuti ndalama zokonzera zichokera m'thumba la yani. Mumzinda wa Perth, likulu la chigawo cha Western Australia, kawirikawiri zimachokera kwa eni mafulatiwo. Boma la chigawochi limathandiza makamaka kudzera m'malamulo ndi njira zodandaulira, ndipo silikhala ndi thumba lokhazikika lokonzera mafulati omangidwa molakwika.

Kodi vutoli lidadziwika bwanji?

Mu Novembala 2014 moto udabuka pa nyumba ya Lacrosse mumzinda wa Melbourne ndipo udakwera mofulumira potsata zitsulo zokutira makoma akunja, zomwe pa Chingerezi amati cladding. Zina mwa zitsulozi zimakhala ndi pulasitiki mkati, yemwe sachedwa kugwira moto. Pa 14 Juni 2017 moto wotere udapha anthu 72 pa nyumba ya Grenfell Tower ku London. Kenaka ku Sydney anthu adasamutsidwa mwadzidzidzi m'nyumba ya Opal Tower pa 24 Disembala 2018, komanso ya Mascot Towers mu Juni 2019, kaamba ka ming'alu.

Ngozi ya ku London itachitika, boma la Western Australia lidayendera nyumba zazitali m'chigawo chonse. Lipoti lomwe lidatuluka mu 2020 lidati nyumba 52 zomwe si za boma zinali pachiopsezo chofunika kuchitapo kanthu, ndipo 14 mwa izo chiopsezo chake chinali chachikulu. Makhonsolo adapatsidwa udindo wokakamiza kuti nyumbazo zikonzedwe, koma ndalama zake adayenera kupeza ndi eni ake.

Nanga inshuwalansi imateteza ndani?

Lamulo la Home Building Contracts Act la 1991 limalamula womanga kugula inshuwalansi yoteteza mwini nyumba pa ntchito iliyonse yoposa madola 20,000 a ku Australia. Inshuwalansiyi imalipira womangayo akamwalira, akasowa kapena kampani yake ikagwa, ndipo imagwira ntchito kwa zaka 6 nyumba itatha kumangidwa. Mu 2022 boma lidakweza ndalama zomwe munthu angalandire pa ntchito yolakwika kapena yosamalizidwa kuchoka pa madola 100,000 kufika pa 200,000.

Koma lamuloli silikhudza nyumba za mafulati zopitirira nsanjika zitatu. Choncho wogula nyumba yapansi ku Baldivis ali ndi chitetezo chomwe wogula fulati pa nsanjika ya nambala 12 ku East Perth alibe. Kusiyana kumeneku kumapweteka kwambiri kampani yomanga ikagwa, monga zidachitikira ku kampani yaikulu ya Pindan mu Meyi 2021, chifukwa pamenepo sipakhalanso womukakamiza kubwerera kudzakonza.

Kodi wodandaula amapita kuti?

Malinga ndi lamulo la 2011 loona za madandaulo pa ntchito zomanga, mwini nyumba atha kukasuma kwa Building Commissioner, mkulu wa boma woyang'anira ntchitozi, pasanathe zaka 6 kuchokera pomwe ntchito idatha. Mkuluyu ali ndi mphamvu yolamula womanga kukonza zolakwikazo kapena kulipira ndalama, ndipo nkhani zazikulu amazitumiza ku bwalo la State Administrative Tribunal. Chovuta n'chakuti zolakwika zina, monga madzi olowa pang'onopang'ono m'konkire kapena zotchinga moto zomwe sizidaikidwe bwino mkati mwa makoma, zimatha kubisala mpaka nthawiyo itadutsa.

Zikatero katundu yense amagwera bungwe la eni mafulati, lomwe lamulo la Strata Titles Act la 1985 limalitcha strata company. Aliyense wogula fulati amakhala membala ndipo amasonkha molingana ndi gawo lake. Kuyambira pa 1 Meyi 2020, nyumba ya mafulati 10 kapena kuposerapo iyenera kukhala ndi ndondomeko ya zaka 10 yosamalira nyumbayo komanso thumba la ndalama zosungira ntchito zikuluzikulu. Thumbalo likachepa, mamembala amauzidwa kusonkha ndalama zapadera, ngakhale amene adagula posachedwa.

Kodi boma lidaperekapo ndalama?

Lidaperekapo pa nkhani imodzi yodziwika bwino. Mapaipi a madzi a kampani ya Iplex omwe adaikidwa m'nyumba zambiri za ku Perth pakati pa 2017 ndi 2022 adayamba kuphulika m'makoma ndi kudenga. Opanga mapaipi ndi omanga nyumba adalozana zala pa gwero la vutolo. Mu 2024 padachitika mgwirizano woti Iplex izilipira magawo 80 pa 100 aliwonse a ndalama zokonzera, ndipo boma magawo 20, osapitirira madola 30 miliyoni. Thandizoli lidali la vuto la mapaipi lokha, ndipo ambiri okhudzidwa ndi eni nyumba zapansi.

Nanga kwina amatani?

Chigawo cha Victoria chidapatula madola 600 miliyoni mu 2019 ndi kukhazikitsa bungwe la Cladding Safety Victoria kuti lichotse zitsulo zoopsa pa mafulati. Chigawo cha New South Wales chidasankha ngongole zopanda chiwongoladzanja zobweza m'zaka 10, kudzera mu Project Remediate. Ku New Zealand, ndondomeko ya 2011 yokonza nyumba zodontha idagawa mtengo patatu: boma kotala, khonsolo kotala, mwini nyumba theka. Dziko la Ireland lidapita patali: mu Januwale 2023 boma lidavomereza kulipira zokonza mafulati omangidwa pakati pa 1991 ndi 2013, ntchito yomwe akuti ingafike mayuro 2.5 biliyoni.

Ofuna kuti boma lilipire amati ndi boma lomwe lidaika malamulo ofooka ndi kulola nyumbazo kumangidwa. Otsutsa amati si bwino kuti msonkho wa anthu onse ulipire zolakwa za makampani omwe adapeza kale phindu.

Western Australia yatsamira kwambiri pa kupewa. Kuyambira mu Julayi 2024 mainjiniya a zomangamanga adayamba kulembetsedwa ndi boma, ndipo boma lidalengezanso kuti mafulati atsopano aziyenderedwa mokakamiza pa magawo ofunika a ntchito. Izi zithandiza nyumba zam'tsogolo, osati zomwe zidamangidwa kale.

Kwa wofuna kugula fulati ku Perth, chitetezo chenicheni chili m'mapepala omwe wogulitsa ayenera kupereka mgwirizano usanasainidwe: malipoti a misonkhano ya bungwe la eni mafulati ndi ndondomeko ya chuma chake. M'menemo ndi momwe mumaoneka ngati pali mlandu ndi womanga, ndalama zomwe zili m'thumba, ndi zosonkha zapadera zomwe zikubwera. Ndi bwinonso kufunsa chaka chomwe nyumbayo idamalizidwa, chifukwa zaka 6 zodandaulira zimawerengedwa kuchokera pamenepo, osati pa tsiku logula.