Golide wa kwa Mpezeni amene sanaoneke

Tsegulani lipoti la pacaka la kampani iliyonse yaikulu, mudzapeza mau monga "tidzakulitsa", "tiyembekezera" ndi "tikhulupirira kuti". Kampani ikafuna ndalama za anthu, imalankhula kwambiri za mawa kuposa za dzulo. Ife a ku Chipata tiyenera kuwadziwa bwino mau amenewa, cifukwa tauni yathu inabadwa pa lonjezo la kampani limene silinakwaniritsidwe.

Nkhani iyamba ndi Carl Wiese, wamalonda wa ku Germany amene anali kugula minyanga ya njovu. Iye anakhala kwa Inkosi Mpezeni kuyambira m'zaka za m'ma 1880, napeza cilolezo cofufuza miyala m'dziko la Angoni. Mbiri inafika ku Ulaya kuti kwa Mpezeni kuli golide wambiri. Mu 1895 ku London kunakhazikitsidwa North Charterland Exploration Company, ndipo kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, inaipatsa malo okwana masikweya mailosi 10,000 kuno kum'mawa. Amene anagula masheya ku London sanaonepo golideyo. Anagula ciyembekezo cabe.

Koma lonjezo likagulitsidwa, eni ndalama amafuna zipatso. Anthu a kampani anafika kuno mu 1896 kudzafufuza miyala, ndipo Angoni ambiri, makamaka Nsingo mwana wa Mpezeni, sanakondwe kuona alendo akuyendayenda m'dziko lao ngati eni ake. Mu January 1898 asilikali anabwera kucokera ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim, ponena kuti adzapulumutsa azungu amene anali pangozi. Angoni anagonjetsedwa, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo anaphedwa mu February. Pambuyo pake anamanga Fort Jameson, imene lero ndiyo Chipata. Mwambo wa Nc'wala unaleka, ndipo unayambanso mu 1980.

Nanga golide uja? Anapezeka wocepa kwambiri. Mgodi wa Sasare, kufupi ndi Petauke, unali waung'ono, wosafanana konse ndi mbiri ija ya ku London. Kampani siinalongedze katundu. Inangosintha lonjezo. Tsopano tsogolo linakhala ulimi: azungu ambiri adzabwera, adzagula mafamu, adzalima thonje ndi fodya. Kuti alimi a mtsogolowo apeze malo, ca m'ma 1928 boma la atsamunda linakhazikitsa malo osungirako anthu akuda, ndipo Angoni, Acewa ndi Ansenga ambiri anasamutsidwa pa nthaka yao yabwino. Kumene anapitako anapanikizana, nthaka inaguga, njala inaculuka, ndipo amuna ambiri anapita kukagwira nchito ku Southern Rhodesia kuti apeze ndalama za msonkho.

Azungu oyembekezeredwa aja anabwera ocepa cabe. Mtengo wa fodya unagwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ena mwa iwo anasiya mafamu. Malo ambiri amene agogo athu anacotsedwapo anasanduka thengo, kwina kunalowa ntchentche za kaodzera. Mu 1941 boma linagula malo ambiri a kampaniyo, kenako linayamba kubwezerako anthu. Taonani mapeto ake: kampani inalandira malipiro pa nthaka imene siinagule kwa eni ake, pamene mtengo wa lonjezo lolephera unalipiridwa ndi anthu a m'midzi.

Lero zinthu zasintha, koma mau a "tidza-" akali ndi mphamvu. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano maloya amawachinjiriza. Mu 1995, zaka 100 pambuyo pa kubadwa kwa North Charterland, dziko la America linapanga lamulo loteteza makampani pa zimene alankhula za mtsogolo, malinga ngati acenjeza owerenga kuti zinthu zingathe kusintha. Ndiye cifukwa cake m'malipoti ambiri a makampani a migodi muli ndime ya zilembo zing'onozing'ono yonena kuti zoyembekezera zonse zingalephereke. Lonjezo limamveka pa wailesi ndi pa msonkhano, koma cenjezo limatsala m'pepala limene ambiri a ife sitiwerenga.

Dziko lathu linazionanso zimenezi ku Copperbelt. Mu 2000 Anglo American inatenga Konkola Copper Mines, ndipo anthu anayembekezera mgodi waukulu wa Konkola Deep. Mu January 2002 kampaniyo inalengeza kuti icoka, mtengo wa kopa uli pansi. Kwa eni masheya cinali cosankha ca bizinesi. Kwa mabanja a ku Chingola ndi Chililabombwe unali mantha a nchito ndi cakudya.

Sitinena kuti kampani iliyonse imanama, kapena kuti tikane obweretsa ndalama kuno kum'mawa. Nchito tizifuna, ndipo palibe bizinesi imene ingayende popanda kukonzekera za mawa. Cofunika ndi kusiyanitsa zimene kampani yacita kale ndi zimene ikuti idzacita. Tikamva za mgodi watsopano, fakitale kapena famu yaikulu, tifunse mafunso anai. Liti? Nchito zingati, za masiku ocepa kapena zokhalitsa? Ndalama zilipo kale, kapena akali kuzifunafuna? Ndipo zikalephereka, nthaka ibwerera kwa yani? Mayankho alembedwe, asanasaine mfumu kapena khansala.

Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapacala ngwa mphepo. Agogo athu analandidwa ng'ombe ndi minda zimene anali nazo m'manja cifukwa ca golide amene anali m'mapepala a ku London. Iwo sanapatsidwe mpata wowerenga mapepalawo. Ife tili ndi sukulu, mafoni ndi intaneti, conco lipoti likatuluka tiliwerenge mpaka pa zilembo zing'onozing'ono.