Mafunso ndi Mayankho: Kodi Wotchi ya Mamiliyoni Imaposa Yathu?

FUNSO: Ku Kamwala ndi ku City Market mawotchi ali mbwee, ena olembedwa Rolex, pamtengo woti aliyense angakwanitse. Koma timamva kuti kunja kuli mawotchi ogulidwa mamiliyoni a madola. Kodi wotchi inayamba bwanji, nanga yodulayo imasunga nthawi bwino kuposa zathuzi? Wowerenga wa ku Chawama.

YANKHO: Ayi bambo, siiposa, ngakhale kale zinalidi choncho. Mawotchi oyenda nawo anayamba cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, ndipo mmisiri amene amatchulidwa kwambiri ndi Peter Henlein wa ku Nuremberg, ku Germany. Mawotchiwo ankataya nthawi kwadzaoneni, moti anali ndi muvi umodzi wokha, wa maola. Mu 1675 Christiaan Huygens wa ku Netherlands anaikamo kasipuling'i kopyapyala kolamulira kuyenda kwa kagudumu, muvi wa mphindi n'kuyamba kudalirika. John Harrison, kalipentala wa ku England, anamaliza mu 1759 wotchi yake yotchedwa H4, yothandiza amalinyero kudziwa pamene afika pakati pa nyanja. David Livingstone naye ankayenda ndi mawotchi a mtundu umenewo pojambula mapu a Zambezi. Masiku amenewo wolipira ndalama zambiri ankagula kulondola, poti wotchi yonama inkatha kuswetsa sitima pamiyala.

Zinthu zinatembenuka pa 25 December 1969, pamene kampani ya Seiko ya ku Japan inatulutsa Astron, wotchi yapamkono yoyamba yoyendera batire ndi kamwala ka quartz. Poyamba mtengo wake unkafanana ndi wa galimoto yaing'ono, koma sipanapite nthawi unagwa. M'mawotchi a masiku ano kamwalako kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi iliyonse, mosasinthasintha. N'chifukwa chake Casio F-91W, kaja kakuda kapulasitiki kamene kanatuluka mu 1989, kamaphonya ndi masekondi osapitirira 30 pamwezi. Wotchi ya sipuling'i ya ku Switzerland, ngakhale yopatsidwa satifiketi ya kulondola, imaloledwa kuthamanga ndi masekondi 6 patsiku, ndiye kuti mphindi zitatu pamwezi. Kondakitala wa minibasi za ku Kanyama wovala Casio ali ndi nthawi yoona kuposa bwana wovala golide. Aswisi analawa zowawa: antchito a m'mafakitale awo a mawotchi anatsika kuchoka pa 90,000 mu 1970 kufika cha m'ma 30,000 pakati pa zaka za m'ma 1980. Makampani amene anapulumuka ndi sipuling'i anasiya kudzitama ndi kulondola, n'kuyamba kugulitsa luso la manja, kusowa kwa chinthucho ndi dzina.

Umboni uli pa mitengo ya pa okushoni. Wotchi yam'thumba imene kampani ya Patek Philippe inapangira Henry Graves wa ku New York mu 1933 imachita ntchito 24, kuphatikizapo kusonyeza nyenyezi za pamwamba pa mzinda wakewo, ndipo inagulidwa madola pafupifupi 24 miliyoni mu 2014. Apo luso lilipo, palibe angakane. Koma Rolex Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu, ndi yachitsulo wamba, yofanana ndi zinzake zambiri, komabe inapita pa madola 17.8 miliyoni mu 2017. Chimene anagula pamenepo ndi mkono umene inakhalapo.

Wina anganene kuti wotchi ya sipuling'i imakonzeka, mwana n'kudzaivala bambo atapita, pamene ya batire ikafa amangoitaya. Zoona, ndipo imeneyi ndi mfundo yolimba. Koma Seiko wamba ya sipuling'i nayonso imakonzeka patebulo la mmisiri wa mumsika. Kukhalitsa sikufuna mamiliyoni. Winanso angati wotchi yodula ndi nkhokwe ya chuma. Zimatero pa mitundu yowerengeka, yokhala ndi mapepala ake, pamene yambiri imatsika mtengo ikangotuluka m'sitolo.

Za Rolex ya pamtengo wa thumba la ufa, musavutike kufunsa: ndi yabodza, ndipo kawirikawiri m'kati mwake muli batire ndi quartz yemweyo. Ngati mukufuna kufika pantchito 08 hours isanakwane, gulani wotchi ya batire yonena dzina lake lenileni.