Mbiri ya Mapulogalamu Oyendetsera Kompyuta

Anthu a ku Phalombe amakumbukira chaka cha 1991 chifukwa cha napolo amene adatsika m'phiri la Michesi m'mwezi wa Malichi, nakokolola nyumba, minda ndi anthu mazanamazana. Madzi otere sasiya ngakhale mabuku a kalembera ndi makalata ofunika. Lero zambiri zimene kale zinkasungidwa pamapepala, monga mayina a ophunzira, malipiro ndi mbiri ya odwala, zimasungidwa m'makompyuta. Komabe walira mvula walira matope: kompyuta nayo ili ndi adani ake, ndipo kulimba kwake kumadalira pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa.

Pulogalamu imeneyi ndi imene imadzuka munthu akangoyatsa kompyuta. Ndiyo imasunga mafayilo, kulamulira makina osindikizira, ndiponso kuloleza kapena kukaniza munthu kulowa. Pali mitundu itatu yotchuka: Windows, macOS ndi Linux. Poifanizira, pali mafunso atatu oyenera kufunsa. Kodi imatetezeka bwanji kwa akuba? Kodi imasunga bwanji chinsinsi cha mwini wake? Nanga kuigwiritsa ntchito n'kophweka motani?

Poyamba, m'chaka cha 1981, kudali MS-DOS ya kampani ya Microsoft. Munthu ankayenera kuloweza malamulo ndi kuwalemba mmodzimmodzi. Mu 1984 kampani ya Apple idatulutsa Macintosh, imene inkaonetsa tizithunzi toti munthu angoloza n'kudina. Microsoft idatsatira ndi Windows mu 1985, ndipo Windows 95 ndi Windows XP ya mu 2001 zidafalikira dziko lonse. Kuno ku Malawi nako Windows ndiyo idazika mizu m'maofesi ndi m'masukulu, makamaka chifukwa makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja ankabwera nayo. Macintosh idakhala ya anthu ochepa kaamba ka kukwera mtengo kwake.

Mtundu wachitatu udabadwa m'chaka chomwecho cha napolo. Mu Ogasiti 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adalengeza kuti akulemba pulogalamu yaulere imene pambuyo pake idatchedwa Linux. Aliyense ali ndi ufulu woona mmene idalembedwera, kuikonza ndi kuigawa. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa Ubuntu, mtundu wa Linux wokonzedwera munthu wamba.

Pankhani ya chitetezo, Windows ndiyo yavutika kwambiri, pakuti mbala imathamangira kumsika kumene kuli anthu ambiri. Mavairasi ochuluka adalembedwera Windows, ndipo kumadera kumene intaneti ndi yodula amayenda pa fulashi, kuchoka m'kompyuta ina kupita m'ina. Vuto lina ndi ukalamba. Microsoft idasiya kukonza zolakwika za Windows XP mu 2014, za Windows 7 mu 2020, ndipo chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chidatha mu Okutobala 2025. Mu Meyi 2017 vairasi yotchedwa WannaCry idatseka makompyuta m'mayiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za ku Britain, n'kumafuna dipo. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotsekera mpatawo miyezi iwiri m'mbuyomo, koma ambiri sadachiike. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Linux ndi macOS sizigwidwa kawirikawiri, koma nazonso zimaboola zikasiyidwa osasamalidwa.

Pankhani ya chinsinsi, zinthu zimatembenuka. Kuyambira pa Windows 10 ya mu 2015, pulogalamuyi imatumiza ku Microsoft uthenga wina wonena za mmene kompyuta ikugwirira ntchito, ndipo wogula wamba sangauzimitse wonse. Apple imadzitama kuti imalemekeza chinsinsi, koma zambiri za m'kati mwa macOS n'zobisika, choncho wogula amangokhulupirira mawu a kampani. Linux ili poyera, kotero akatswiri atha kufufuza ngati ikutumiza kanthu kumbali.

Pankhani ya kuphweka, Windows imapambana chifukwa cha chizolowezi. Amisiri ambiri okonza makompyuta amaidziwa bwino, ndipo mapulogalamu monga Word ndi Excel amayenda popanda vuto. Linux ili ndi LibreOffice m'malo mwake ndipo imadzutsa kompyuta yokalamba imene Windows 11 ya mu 2021 imaikana, koma odziwa kuikonza kumidzi ndi ochepa.

Dziko la Malawi lili ndi zitsanzo zake. Bungwe la Baobab Health, limene lidayamba ntchito yake pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, lidakhazikitsa mu 2006 makompyuta olembera odwala olandira mankhwala a ARV pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pogwiritsa ntchito mapulogalamu aulere kuphatikizapo Linux. Izi zidaonetsa kuti ntchito yofuna chinsinsi chachikulu ingathe kuyenda popanda kulipira ziphaso zodula. Mbali inayi, mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba adalowa m'makompyuta opangira mapasipoti n'kumafuna dipo, ndipo anthu adakhala masabata angapo osalandira mapasipoti. Malamulo alipo, monga la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 ndi la Data Protection la mu 2024, koma lamulo silingatseke khomo limene mwini wake walisiya pululu.

Phalombe idakhala boma palokha mu 1998, kuchoka ku Mulanje, ndipo maofesi, masukulu ndi zipatala zake zili ndi zambiri zoyenera kuzisunga. Mbiri ikuphunzitsa kuti palibe pulogalamu yopambana pa zonse zitatu. Mphunzitsi wamkulu wa ku Migowi kapena ku Chiringa amene walandira makompyuta akale ayenera kufunsa ngati pulogalamu yake ikulandirabe zigamba, ngati pafupi pali wodziwa kuikonza, ndiponso ngati mafayilo ofunika akoperedwa n'kusungidwa malo ena. Mphepo ya Freddy ya mu 2023 idakumbutsa anthu a m'bomali kuti tsoka silinunkha. Chosungidwa malo amodzi, kaya papepala kaya m'kompyuta, chingathe kutayika usiku umodzi.