Abale Awiri a ku Chileka ndi Chitoliro cha ku Joni

Akuluakulu okhala m'tsinde mwa phiri la Dedza akukumbukirabe m'mene mudzi unkasangalalira mwana wake akabwerako ku Joni kapena ku Halale. Munthuyo ankafika ndi sutikesi, njinga, jekete lochindikala loyenera chisanu cha mwezi wa Juni, ndipo amene adachita mwayi ankanyamulanso galamafoni yopukusa ndi mbale zake zingapo. Madzulo anthu ankasonkhana pabwalo kudzamvera nyimbo zachilendo. Zinthu zimenezi sizinkachitika ku Dedza kokha. Zinkachitikanso ku Ntcheu, ku Mzimba, ku Mulanje, paliponse pamene amuna ankachoka kukafuna ndalama. M'njira imeneyi ndi m'mene mudadzera nyimbo zomwe zidatchukitsa abale awiri a m'mudzi mwa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba.

Gwero la nyimbozo lili kutali. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ku America kudatchuka magulu a anthu akuda oyimba mogwirizanitsa mawu, monga Mills Brothers ndi Ink Spots. Nkhondo yachiwiri itatha, anyamata a m'mizinda ya New York, Chicago ndi Philadelphia, posowa ndalama zogulira zoyimbira, adayamba kuyimba m'mphambano za misewu ndi pakamwa pokha, wina kutsogolera, ena kuvomera, wina kudzuma ndi mawu a besi. Mayimbidwe amenewa ndiwo adadzatchedwa doo-wop. Mbale ndi mafilimu a ku America zitafika ku South Africa, kudabuka gulu la Manhattan Brothers, lomwe Miriam Makeba adayimba nalo asadatchuke payekha.

Ana a m'makomboni a ku Johannesburg nawonso ankasirira zomwe ankamva, koma lipenga la saxophone lidali la mtengo wapatali. Iwo adatola kachitoliro ka chitsulo ka mabowo asanu ndi limodzi, kogulidwa ndi timakobidi tochepa, nayamba kuyimbirapo jazi. Filimu ya The Magic Garden ya mu 1951 idaonetsa Willard Cele akuliza chitoliro chotere, ndipo posakhalitsa mayina a Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso adamveka ponseponse. Mu 1958 nyimbo ya Tom Hark, ya gulu la Elias and His Zig-Zag Jive Flutes, idagulidwa kwambiri mpaka ku Britain. Nyimbozi zidatchedwa kwela, liwu lomwe Mchewa aliyense amalimva popanda womasulira. Ambiri amati dzinali lidachokera ku galimoto za apolisi zomwe zinkatchedwa kwela-kwela, pakuti oyimba m'misewu ankakhala ndi mantha kuti angakwezedwemo.

Kuno kwathu nthaka idali italimidwa kale. Asilikali obwera ku nkhondo ndi anthu ochokera ku migodi adadza ndi magitala ndi mabanjo, ndipo kuyimba awiriawiri kudafala. Abale a Paseli a ku Zomba adasiya mbiri ndi nyimbo yonena za Napolo, madzi omwe adasakaza tauni ya Zomba mu Disembala 1946. Nyumba ya wailesi ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka inkaulutsa mawu m'Chinyanja, ndipo kuyambira mu 1949 wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, yotchedwa Saucepan Special, idayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba.

Daniel Kachamba adabadwa mu 1947, ndipo mng'ono wake Donald adabadwa patapita zaka zowerengeka. M'zaka za m'ma 1950 banja lawo lidakakhala ku Salisbury, mzinda womwe tsopano ndi Harare, monga ankachitira mabanja ambiri a ku Nyasaland. Kumeneko anyamatawo adakulira pakati pa mbale za ku Joni ndi magulu a m'misewu. Pobwerera ku Chileka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, chuma chomwe adabwera nacho chidali m'makutu ndi m'zala.

Gulu lawo lidali losavuta kunyamula. Daniel ankayimba gitala ndi kutsogolera nyimbo, Donald ankaliza chitoliro akadali kamnyamata, ndipo anzawo ankathandiza ndi maseche ndi besi ya chingwe chimodzi yopangidwa ndi bokosi la tiyi. Koma luso lake silidali la masewera. Gitala wa kwela ankamuchotsa chingwe chimodzi kuti zitsale zisanu. Chitoliro sankachigwira mowongoka monga m'mene adafunira omwe adachipanga. Ankachipendeketsa ndi kuchilowetsa m'kamwa cha kutsaya, kotero kuti mawu ake ankatuluka okulirapo, otha kupindika ndi kulira ngati munthu. Abalewo ankayimba kwela, sinjonjo, saba-saba ndi lumba, ndiponso hauyani, momwe woyimba amatsetsereza botolo pa zingwe za gitala. Pamwamba pa zonsezi adaikapo mawu a Chichewa onena za ukwati, mabodza, ulendo ndi imfa, kotero kuti nyimbo ya ku Joni idasanduka ya pakhomo.

Moyo wa woyimba m'misewu udali wowawa. Malipiro ake adali makobidi oponyedwa ndi anthu odutsa, ndipo makolo ambiri ankaona gitala ngati chizindikiro cha ulesi ndi uchidakwa. Komanso nthawi imeneyo ku South Africa komweko kwela idali itayamba kuzilala, makampani ojambula mbale atatembenukira ku magitala a magetsi ndi nyimbo za simanje-manje. Chikhala kuti anyamata a ku Chileka adatsata mphepoyo, mbali yaikulu ya luso la chitoliro ikadatayika.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna m'dziko la Austria, Gerhard Kubik, adawapeza akuyimba mu mzinda wa Blantyre. Iye adawatsatira mpaka kumudzi, najambula nyimbo zawo pa tepi ndi pa filimu. Mu 1972 abalewo adakayimba ku Ulaya, ndipo mu 1974 yunivesite ya Zambia idasindikiza buku la Kubik lotchedwa The Kachamba Brothers' Band. Motero anyamata omwe ankapemphedwa kuchoka pa makhonde a masitolo adakhala mutu wa maphunziro m'masukulu a ukachenjede.

Kuyambira pamenepo njira zawo zidapatukana, ngakhale ubale udakhalapobe. Daniel adatchuka poyimba yekha. Chala chachikulu chinkayimba besi, chala cha mkombaphala chinkayimba nyimbo, mwakuti womvera pa wailesi ya MBC ankayesa kuti oyimba alipo awiri kapena atatu. Nyimbo yake ya Dolosina Lumba ndi chitsanzo cha luso limeneli. Anthu adamupatsa ulemu pomutcha Dokotala Daniel Kachamba. Iye adamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald adakakamira chitoliro, ndipo adayenda maiko ambiri ndi gulu lake, m'mene Kubik yemwe ankaliza klarineti. Mu 1999 adaitanidwa kukaphunzitsa ku University of California, Los Angeles, m'dziko lomwe lija mudachokera mbewu ya nyimbozi. Adamwalira mu Januwale 2001. Achinyamata omwe adawaphunzitsa ku Singano, pamodzi ndi Moya Aliya Malamusi, adapitiriza kuyimba pa dzina la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazzband.

Mbiri ya abale a Kachamba idapulumuka chifukwa padapezeka wina woijambula ndi kuilemba nthawi ikadalipo. Oyimba awiriawiri ambiri omwe ankasangalatsa anthu pa maukwati ndi pa misika ya Lobi, Linthipe ndi Mtakataka sadakhale ndi mwayi wotere, ndipo mayina awo atsala m'mitu mwa okalamba okha. Mbale zakale zomwe zili m'masutikesi zikusweka, ndipo omwe adavina nyimbozo akutha mmodzimmodzi. Mdzukulu amene ali ndi agogo otere achita bwino kukhala nawo pansi madzulo ano, awafunse amene ankayimba, kumene adaphunzira ndi nyimbo zomwe ankazikonda, ndipo alembe zomwe amve.