Njinga Idakula Mphamvu, Wokwera Ndi Yemwe Uja

Mu 1958 kampani ya Honda ku Japan idatulutsa kanjinga kamoto ka injini ya 50cc kotchedwa Super Cub. Kadali kochepa mphamvu, koma kadafikitsa anthu wamba kuntchito ndi kumsika, moti pofika 2017 tinjinga totere tidakwana 100 miliyoni.

Mu 1969 kudabwera Honda CB750, yothamanga pafupifupi makilomita 200 pa ola, ndipo mpikisano wa liwiro udafika pena. Mu 1999 Suzuki Hayabusa idapyola makilomita 300 pa ola. Apa eni mafakitale adachita nthumanzi kuti maboma a ku Ulaya aletsa malonda awo, choncho adagwirizana zoti liwiro lizilekezera pa 300 basi.

Ine ndimati mantha amenewo adali oyenera. Injini idakula, koma maso, khosi ndi mafupa a wokwera n'zomwe zija za mu 1958. Tangoonani kuno kwathu: kanjinga ka kabaza, kochepa mphamvu komweko, kamasiya ana amasiye kakaphonya ngodya. Nanga chilombo chinacho, munthu wongopita kuntchito achitenji nacho? Paja akulu adati kuthamanga sikufika.