Lonjezo la Mtsikana: Mbiri ya Magaidi m'Malawi



Ambiri a ife tinawaonapo atsikana a bungwe la Girl Guides, atavala yunifolomu ndi kansalu kam'khosi, akupatsana moni ndi dzanja lamanzere. Koma tikafunsa amayi athu amene anaphunzira sukulu m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ngati anakhalapo Magaidi, amapukusa mutu. M'dziko muno muli mbadwo wathunthu wa amayi umene bungweli linaulumpha. Sabata ino tiyeni tione chimene chinachitika.

Gwero lake ndi ku England. Mu 1907 Robert Baden-Powell, msilikali wa ku Britain, anasonkhanitsa anyamata 20 pa chilumba cha Brownsea nawaphunzitsa kukhala m'misasa, kuphika ndi kuthandiza ovulala. Umo ndi mmene Masikauti anayambira, ndipo anali a anyamata okha. Koma mu 1909, pa msonkhano waukulu ku Crystal Palace mu mzinda wa London, panatulukira kagulu ka atsikana osaitanidwa, kupempha kuti nawonso awerengedwe. Chaka chotsatira, mu 1910, bungwe la Girl Guides linabadwa, ndipo mlongo wake wa Baden-Powell, Agnes, ndiye analitsogolera. Mu 1928 mabungwe a m'mayiko osiyanasiyana anakumana ku Hungary napanga mgwirizano wa dziko lonse wotchedwa WAGGGS.

Ku Nyasaland Magaidi anafika m'zaka za m'ma 1920. Monga zinthu zambiri za nthawi imeneyo, anadzera m'manja mwa azungu, ndipo pofalikira kwa atsikana achikuda anatsamira pa sukulu za mishoni, pakuti kumeneko n'kumene mtsikana ankapezako mwayi wogwira choko ndi sileti. Mtsikana ankaphunzira kumanga bala, kusamala madzi akumwa, kumanga mfundo za chingwe ndi kutsogolera kagulu ka anzake. Pachimake pa zonse panali lonjezo la mbali zitatu, lomwe chizindikiro cha masamba atatu chimaimira: kutumikira Mulungu ndi dziko, kuthandiza anthu ena, ndi kusunga malamulo a Magaidi. Tisabise mawu: m'masiku a atsamunda lonjezolo linkatchula mfumu ya ku Britain, ndipo ambiri omenyera ufulu ankaliona bungweli ngati chipangizo cha azungu.

Apa mbiriyi ikudutsa pakhomo pathu penipeni. Mu 1960 chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano wake waukulu kuno ku Nkhotakota, ndipo pamenepo Dr. Hastings Kamuzu Banda anasankhidwa kukhala mtsogoleri wamuyaya wa chipanicho. Mu 1963 kunakhazikitsidwa gulu la Malawi Young Pioneers. Ufulu unabwera mu 1964, ndipo mu 1966 Malawi anasanduka dziko la chipani chimodzi. Mu ulamuliro wa Kamuzu Masikauti ndi Magaidi anathetsedwa. Boma linafuna kuti wachinyamata aliyense aleredwe ndi dzanja limodzi, pa ngodya zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Apayoniya sitingawaweruze ndi mawu amodzi. Anaphunzitsa achinyamata ambiri, anyamata ndi atsikana omwe, ulimi wamakono, ukalipentala ndi ntchito zina zamanja. Koma gulu lomwelo linapatsidwa mfuti, nkukhala maso ndi makutu a chipani. Makolo athu amakumbukira mmene munthu ankabwezedwera pa chipata cha msika kapena pokwera basi chifukwa chosowa khadi la chipani. Kusiyana kwake kunali apa: Gaidi amalonjeza mwa kufuna kwake, ndipo akafuna kuleka amaleka, m'masiku amenewo kukhulupirika kunali kokakamiza. Kwa zaka pafupifupi 30 kunalibe amene anaphunzitsidwa kukhala mtsogoleri wa Magaidi, ndipo luso limene mayi akanasiyira mwana wake wamkazi linathera m'njira.

Zinthu zinayamba kusintha pa 8 March 1992, pamene kalata ya Lenti ya Ambuye Maepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, kudzudzula kusowa kwa chilungamo ndi kwa ufulu wolankhula. Pa 14 June 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, mu December chaka chomwecho asilikali analanda zida za Apayoniya pa Operation Bwezani, ndipo pa 17 May 1994 kunachitika chisankho. Ufulu wosonkhana utabwerera, m'zaka zomwezo za m'ma 1990 bungwe la Malawi Girl Guides Association linadzukanso, kenaka linalandiridwa mu WAGGGS.

Koma Magaidi anabwerera m'dziko losinthika. Edzi inali itasiya ana ambiri amasiye. Sukulu ya pulayimale yaulere ya 1994 inadzaza makalasi, komabe atsikana ankasiyira panjira chifukwa cha mimba ndi maukwati. N'chifukwa chake Magaidi a lero, pamwamba pa misasa ndi nyimbo, amaphunzitsana za thupi lawo, za kupewa nkhanza ndi za kukhalabe pa sukulu. Lamulo nalonso linatsatira: mu 2015 Nyumba ya Malamulo inaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane ndi zimenezo.

Ife a m'mbali mwa nyanja tikudziwa kuti lamulo lolembedwa ku Lilongwe silifika lokha pa doko. Usipa ukagwa, ndalama zimayenda pa mchenga, ndipo mtsikana wa Sitandade 7 amene alibe sopo kapena kope amakumana ndi munthu wamkulu womulonjeza zonse. Pa nthawi yotereyi chimene chimamuthandiza ndi kagulu ka anzake amene amamudziwa dzina, ndi mayi wina wodalirika amene angamufunse kuti, "Mwanawe, sabata ino sitinakuone, kwagwanji?" Imeneyi ndiyo ntchito imene Magaidi anaiyamba kalekale, ndipo siifuna galimoto kapena alawansi.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti kuthetsa bungwe kumatenga tsiku limodzi, koma kulera atsogoleri kumatenga mbadwo. Tsono funso latsala ndi ife. Alongo athu amene munamaliza sukulu, aphunzitsi, anamwino ndi amayi a m'miphakati yathu, ndani angapereke masana a Loweruka limodzi kwa atsikana a m'mudzi mwake? Nanga ife anyamata, kodi mlongo wathu akamapita ku gulu lake timamuseka, kapena timamulandira chidebe kuti asachedwe?

Tilingalire zimenezi m'sabata ino. Ambuye akudalitseni nonse.