Hillel Zeitlin, Mtolankhani wa ku Warsaw Amene Anabwerera kwa Mulungu

Sabata ino tiyeni tikumbukire mlembi wachiyuda amene ambiri a ife sitinamvepo dzina lake: Hillel Zeitlin. Iye anabadwa mu 1871 ku Korma, dera limene lero lili m'dziko la Belarus, m'banja lopembedza kwambiri la gulu la Hasidi. Ali mnyamata anawerenga mabuku a akatswiri a nzeru monga Spinoza ndi Nietzsche, ndipo chikhulupiriro cha makolo ake chinagwedezeka mumtima mwake mpaka anasiya miyambo ya chipembedzo.

Atakhazikika mumzinda wa Warsaw, Zeitlin analembera nyuzipepala ziwiri zazikulu za tsiku ndi tsiku: Haynt, imene inayamba mu 1908, ndi Der Moment, ya mu 1910. Zonsezi zinkatuluka m'Chiyidishi, chinenero cha pakhomo ndi pamsika cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya. Zeitlin ankalembanso bwino Chihebri, chinenero cha mapemphero ndi cha ophunzira, koma kudzera m'Chiyidishi mawu ake ankafika kwa telala, wamalonda ndi mayi wa pabanja.

Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itasautsa anthu a mtundu wake, iye anabwerera ku moyo wa pemphero. Sanabise zaka zake za chikayiko. Analemba za kulapa, za chiphunzitso cha Rabbi Nachman wa ku Breslov, ndipo anamasulira mbali zina za buku la Zohar kuchokera m'Chiaramu kupita m'Chihebri. Mafunso a moyo wauzimu anawaika patsamba lomwelo lokhala ndi nkhani za ndale.

Mu 1939 asilikali a Germany analanda Warsaw, nyuzipepala zija zinatsekedwa, ndipo mu 1940 Ayuda anatsekeredwa m'dera lozingidwa ndi mpanda. Pakati pa July ndi September 1942, anthu oposa 250,000 anatengedwa kupita ku Treblinka kukaphedwa. Zeitlin anaphedwa m'mwezi wa September womwewo. Opulumuka anasimba kuti anatuluka m'nyumba atafunda nsalu yake yopempherera. Zolemba zake zambiri zinatayika. Mwana wake Aaron, mlakatuli, anapulumuka chifukwa nkhondo inamupeza ali kunja kwa Ulaya.

Ife amene nthawi zina timachita manyazi ndi chikayiko chathu, tiphunzire kwa mkuluyu kuchiyang'ana moona mtima ndi kupitirizabe kufunafuna Mulungu. Pa mapemphero athu a sabata ino, tikumbukirenso owerenga ake, amene ambiri anaphedwa limodzi naye.